Jekete ya Malemu Gavrilă

Ine, Docia Chindriș, wa zaka 21, wa m'mudzi wa Botiza, m'chigawo cha Maramureș, ndimagwira ntchito yokonza m'zipinda ndi kukama ng'ombe pa nyumba yogona alendo ya mayi Ilișca Petreuș. Ndikunena izi pano pa polisi:

Lolemba madzulo kunabwera mlendo wa ku Japan, bambo wachikulire, dzina lawo a Tamura. Anabwera okha ndi chikwama chimodzi. Chilankhulo chathu sachidziwa. Timamvana ndi manja, nthawi zina ndi foni yawo yomasulira mawu.

Lachiwiri mayi Ilișca anandituma kuti ndikawaonetse tchalitchi chakale chamatabwa. Titafika pakhomo anavula nsapato. Ndinawalozera kuti ife sitivula, koma analowabe ndi masokosi. Anaimirira pansi pa zithunzi za angelo za kudenga mpaka kandulo yomwe ndinayatsa inatsala theka. Kamera sanaitulutse. Potuluka anagwira khoma ndi manja onse awiri. Ine ndinabatizidwira momwemo, koma tsiku limenelo nanenso ndinayang'ana kudenga.

Lachitatu m'mawa malipenga aatali a abusa a nkhosa analira kuphiri. Anali maliro a bambo Gavrilă Bledea, amene anaweta nkhosa moyo wawo wonse. A Tamura anasiya tiyi patebulo n'kutuluka. Ndinawatsatira. Anakaima kunja kwa chipata cha a Bledea, chipewa chili m'manja.

Bokosi linali pabwalo. Mayi Todosia, akazi a malemu, anayang'ana kuchipata n'kundiitana. Anati: "Docia, munthu uyo ndi wa kwa yani?" Ndinati ndi mlendo wakutali. Iwo anati: "Ndiye woyenera ameneyo. Bwera nawo kuno."

Anatenga jekete ya malemu ya chikopa cha nkhosa, yopanda manja, yopetedwa maluwa ofiira, pamodzi ndi buledi woluka ndi kandulo yoyaka. Anawapatsa a Tamura modutsitsa pamwamba pa bokosi. A Tamura anakana. Kenako anapisa dzanja m'thumba kuti alipire, koma mayi Todosia anawamenya padzanjapo. Anati: "Uwauze kuti akavala iwowa, a Gavrilă nawo avala kumene apitako. Kumeneko n'kozizira."

Ndinalankhula mufoni, foni inawauza. A Tamura anagwada mpaka chipumi chinagunda pansi. Atadzuka anavala. Inawakwana m'mapewa ndi m'chiuno momwe. Mayi wina amene anali pafupi nane anati: "Taonani Todosia, wapeza kale wina woyambayo asanalowe n'komwe m'manda." Mayi Todosia anayankha kuti: "Uyu ndiye wabwino, ndikamukalipira sangandiyankhe." Anthu anaseka, ansembe omwe.

Popita kumanda a Tamura anali pambuyo penipeni. Malipenga ankalira tsidya lino, ena akuyankha tsidya linalo la mtsinje. Galu wa malemu anali atagona pansi pa ngolo yonyamula bokosi, osadya chimwalirire mbuye wake. Anadzuka n'kumayenda pambali pa a Tamura mpaka kumanda. Anthu amene anacheuka anachita chizindikiro cha mtanda. Inenso ndinachita.

Mwana wa malemu, a Nistor, amagwira ntchito ku France. Pa zonsezi panalibe. Galimoto inawafera panjira ndipo anafika Lachinayi, maliro ataikidwa kale.

Lachinayi masana ndinkakolopa pakhonde pamene a Nistor analowa pachipata chathu. A Tamura anali pabenchi atavala jekete ija. A Nistor anati: "Iwe kamtsikana, ndani wavula bambo anga n'kuveka Mchaina uyu?" Ndinati si a ku China. Iwo anati: "Kaya ndi a kuti. Anthu awa amazungulira m'midzi kutola zakale n'kukagulitsa kwawo. Jekete iyi anasoka ndi agogo anga." Anandifunsa ngati ndinalipo pamene inkatengedwa. Ndinayang'ana ndowa. Ndinapitiriza kukolopa.

A Nistor anaimba foni ndipo panabwera apolisi awiri. A Tamura anavula okha jeketeyo, anaipinda, n'kuipereka ndi manja awiri. Apolisi anawatenga pamodzi ndi jeketeyo.

Lero m'mawa nditakama ng'ombe ndinapita kwa mayi Todosia kukawauza. Iwo sankadziwa kanthu. Anamanga mpango kumutu kuti tibwere kuno ku polisi. Pachipata tinakumana ndi a Nistor akuchokera kokatunga madzi. Mayi awo anati: "Bambo ako anatsokomola nyengo yonse yozizira, jekete ili pamsomali. Ukanabwera akanakuveka okha. Pano ili ndi mwini wake." A Nistor anatula ndowa pansi. Sanatitsatire.

Ndikutsimikiza kuti a Tamura sanabe jeketeyo, sanaigule, ndiponso sanaipemphe. Ndinaima kumutu kwa bokosi ndipo ndinaona ndi maso anga.

Mayi Todosia ali panja pabenchi. Iwo salemba. Andiuza kuti ndinene mawu awo momwe alili: "Ngati pali womangidwa, mangani ine, wopereka ndine. Koma chotsani jeketeyo m'kabati mwanumo mumveke munthuyo. Amuna anga agona kale usiku umodzi osavala."

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Apolisi andiwerengera, ndipo ndi momwe ndanenera.

Wosaina: Docia Chindriș