Mpopi wa Mlamu Sunaumepo

Ndinali pamzere wa sikelo, ndikumugwiragwira mwana kaphazi kuti ndimve ngati thupi latenthanso. Kutsogolo kwanga mtsikana wina ndi mayi wachikulire, anthu osadziwana, ankacheza motsitsa mawu.

"Amayi, munthu angagone tsiku lonse osadwala?"

"Ndani ameneyo, mwanangu?"

"Mnzanga, telala. Kale ankaimba mpaka makina kumamuvomera. Pano makatani satsegula, foni sayankha. Akuti akumva ngati ali pansi pa madzi, ife tikuyankhulira kumtunda."

"Ndiye munamuuza chiyani?"

"Ndinati alimbe mtima, ena akuvutika kuposa iye."

"Munthu akumira, inu mukumuuza za ena amene anamira? Ine madzi amenewo ndinakhalamo nditabereka wachiwiri. Dzuwa linkatuluka ngati la eni ake. Mlamu wanga anayamba kubwera ndi zochapa, akuti mpopi wa kwawo wauma. Ankachapa pakhomo panga osandifunsa kanthu, ine ndili gone, ndikungomvera madzi akugwera m'beseni. Tsiku lina ndinangoona ndatuluka, ndikumugwirira bulangete pofinya. Kenako anandiperekeza kuchipatala. Ndi matenda amenewa, ndipo amachizika."

"Mpopiwo unaumadi?"

"Mpaka lero sunaumepo."

"Nanga akakana kunditsegulira?"

"Mukhale pakhonde, amve kuti panja pali munthu. Akatchula zofuna kufa, musaseke, musamusiye yekha. Mupite lero lomwe."

"Koma ndikanena kuti ndabwerera chiyani? Kwathu madzi savuta."

"Siketi mwavalayi ndi yokongola, mwanangu. Mukafika pageti, muisosole mpendero."