Nyimbo za Mayi Aang'ono

Tsiku lomaliza limene Moffat anawaona mayi ake ali moyo, mayiwo ankathyola tiyi akuimba m'Chilomwe. Palibe amene anajambula mawu awo. Patatha chaka, pa siteji ya Chinakanaka, Moffat anakumana ndi mphunzitsi wachitsikana wa ku yunivesite, amene anamuuza kuti wapatsidwa ndalama zochitira kafukufuku.

"Akupatsani ndalama za kafukufuku, koma mukudikira kabaza ngati ife?" anafunsa Moffat.

"N'zochepa, achimwene. Zangokwanira kamakina kojambulira mawu aka ndi zoyendera. Komabe zandichotsa m'kalasi."

"Mukujambula chiyani?"

"Nyimbo za othyola tiyi. Odziwa za Chilomwe akusowa."

"Mayi anga aang'ono alipo ku Milonde. Mawu akadalipo, koma thupi likukana. Musachedwe."

"Ndiwatengere chiyani?"

"Shuga. Tiyi anatopa naye."

"Auzeni ndifika Lachiwiri, pa 9 Juni."