Dzina limene ndinalipeza m'chimbale cha amuna anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene muwerenge mawu awa. Ine ndine mayi wamasiye wa ku Kanjedza. Ndikufuna kuchitira umboni za nsanje imene inandigwira amuna anga atamwalira kale, nsanje yochitira munthu woti ali m'manda, ndi momwe Mulungu anandimasulira ndisanawononge banja langa ndi pakamwa panga.

Amuna anga, bambo Fanuel, ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata. Tinakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zitatu. Ikafika nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, m'mawa uliwonse ndinkadzuka kuyatsa mbaula, kutenthetsa madzi osamba ndi kutereka mbatata. Iwo akasamba ankakhala pa kampando pafupi ndi moto, kudzola mafuta m'mapazi poti ankang'aluka, kenako n'kuika chimbale chawo mu wailesi. Chinali chimodzimodzicho chaka ndi chaka, cha mayi wina wa ku Amereka woimba Chingerezi pang'onopang'ono ngati munthu wongodzuka kumene, ng'oma ikugunda chapansipansi. Mwana wathu Tamandani amati nyimbo zotere ndi neo soul. Nthawi yotentha sankachikhudza n'komwe. Koma chiperoni chikangophimba phiri la Soche, ankatsinzina, mutu ukugwedera, mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Ndikawaseka kuti mkazi mnzanga wayambapo, ankangoti, "Ameneyu sadya mbatata yanu, mayi a Tamandani, musadandaule."

Anatisiya mu Epulo. Anagwa ali kuntchito ndipo sanadzukenso. Abale atagawana zovala ndi njinga, wailesi ndi chimbale anandisiyira chifukwa panalibe wozifuna.

Tsiku loyamba la chiperoni ndinatenthetsa madzi a anthu awiri mwa kuiwala. Nditaona ndowa yachiwiriyo ndinalira, ndipo ndinatenga chimbale chija kuti mwina ndiwamveko pafupi. Kapepala ka pachikuto kanali katada, ndiye ndinakasolola kuti ndikapukute. Zaka zonsezo ndinali ndisanakatsegulepo. M'kati mwake munali mawu olemba pamanja, m'Chichewa choti ngakhale ine wa sitandade 5 ndinawerenga bwinobwino: Kwa Fanuel wanga, ukamamva kuzizira uzindikumbuka. Agnesi.

Pomwepo ndinakumbukira ku manda. Woitana mayina a oika nkhata, atatha achibale, asanafike kwa a kuntchito, anaitana mayi Agnesi a ku Mpingwe. Anadzuka mayi wamtali wovala chikhoti chabwino, ndi nkhata ya maluwa enieni yaikulu kuposa yanga. Tsikulo sindinalabadire. Tsopano nditafunsa alamu anga, ang'ono awo a malemu, anangoti ndi mnzawo wakale, n'kuyang'ana kumbali.

Abale anga, nsanje ya wamoyo ili ndi pothera, chifukwa umamufunsa n'kukangana naye. Ya womwalira umangoimeza. M'mawa uliwonse ndinkayatsa mbaula ndi kuika chimbalecho, osati chifukwa chochikonda, koma kuti ndimve chimene mkaziyo ankawauza. Chingerezi sindimva, koma ndinkamva ndithu kuti ndi mawu a chikondi. Ndinkati kani zaka zonsezi ine ndikuuzira makala, utsi uli m'maso, iwo kuseri kwa zikope kuja ali ndi Agnesi. Zochapa zinkakhala pachingwe masiku atatu osauma, ine osaziona n'komwe. Ndinasiya kupita ku mapemphero a amayi a Lachinayi. Ndikaona aneba akuothera dzuwa ndi amuna awo pakhonde ndinkatseka katani. Chithunzi chathu cha ukwati ndinachitembenuzira kukhoma.

Mu Julayi momwemo Tamandani anachira mwana wamwamuna. Akuchimuna anabwera mwaulemu n'kunena kuti, ngakhale mwana woyamba amatchula dzina ndi iwo, poti bambo atisiya chaka chomwechi ulemuwo akundipatsa ine, ndidzatchule tsiku lotuluka m'chikuta, mchombo ukagwa. Aliyense ankadziwa dzina limene ndidzatchule. Tamandani anali atayamba kale kumunong'oneza mwanayo kuti adadi. Koma ine mumtima ndinatsimikiza kuti dzina limenelo sililowanso m'nyumba mwanga. Ndinakonza zoti tsikulo ndidzatulutse kapepalako pamaso pa apongozi onse, ndiwauze kuti bambo amene akuwalirawo anali munthu wotani. Ndinkadziwa kuti mwana wanga, amene ankawakonda bambo ake kuposa ine ndemwe, sadzachira nazo. Komabe ndinkafuna.

Kutatsala masiku awiri ndinagwada pafupi ndi mbaula. Kupemphera kunali kutandikanika kwa milungu ingapo, ndipo mawu amene anatuluka anali ochepa. Ndinati Ambuye, ngati ndikulakwa nditsekeni pakamwa, chifukwa ndekha sinditha. Nditadzuka ndinamva mtima wofuna kukamuona mkaziyo ndi maso anga. Ndinawapanikiza alamu anga mpaka anandilozera nyumba. Ndinavala juzi ziwiri, chimbale m'chikwama, n'kukwera minibasi mpaka ku Limbe, kwinako ndinayenda wapansi mvula yowaza ija ikundinyowetsa.

Anatsegula geti ndi mayi Agnesi eni ake, ndipo anandizindikira ndisanalankhule. Nyumba inali yaikulu, yamatailosi, yozizira kuposa kunja, ndipo munalibe nsapato ya munthu wina aliyense pakhomo. Ndinaika kapepalako patebulo. Anakayang'ana nthawi yaitali.

Anandiuza kuti iwo ndi bambo Fanuel anali pa chibwenzi ine ndisanadziwike, mpaka ankhoswe anali atadziwana. Kenako kunabwera mwamuna wa galimoto wogwira ntchito ku Joni, ndipo anamutsatira. Chimbalecho anatumiza ali kumeneko, atayamba kuona kuti analakwitsa, koma yankho silinabwere. Mwamuna uja anawasiya opanda mwana, nyumbayo ndi imene anatsala nayo. Anati pa zaka zonsezi anakumana ndi bambo Fanuel kamodzi kokha, pa kaunjika mu Limbe, bambowo akusankha juzi yachizimayi. Bambo Fanuel anawapatsa moni ngati wopatsa azakhali, n'kunena kuti akufulumira, mayi akunyumba alibe chofunda. Juzi imene ankanenayo ndinali nditaivala m'kati tsiku lomwelo, yobiriwira, yothothoka m'zigongono.

"Mayi, wansanje ndine," anatero. "Nkhata ija ndinagula yaikulu dala, kuti muione. Mundikhululukire."

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji ankamvera chimbale chawocho chaka chilichonse kukazizira.

"Sindidziwa, ndipo sindikunamizani. Mwina ankangozikonda nyimbozo, mwina ankandikumbuka. Koma madzi amene ankasamba anali anu."

Ndinapita kumeneko ndi mawu ambiri okonzeratu, koma palibe ndi limodzi lomwe limene linatuluka. Ndinaona mayi wa msinkhu wanga akulira mwamuna amene sanamuphikirepo ngakhale tiyi, pamene ine ndinakhala naye mpaka tsiku lake lomaliza. Tinapemphera limodzi, iwo ndi amene anatsogolera. Kapepala ndinawasiyira poti kanali kawo. Chimbale ndinabwerera nacho poti chinali cha amuna anga.

Tsiku lotulutsa mwana apongozi anadzaza pakhonde, aliyense atafunda nsalu. Atandipatsa mwanayo m'manja, wokutidwa m'mabulangete mpaka kungooneka kamphuno, ndinati dzina lake ndi Fanuel. Tamandani anandigwira dzanja akulira. Nkhani ya kapepala ndinadzamuuza patapita miyezi, tili awiri, mtima wanga utakhala pansi, ndipo ndi iye amene wandilimbikitsa kuti ndilembe umboni uno.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditseka pakamwa, ndipo anatero kudzera mwa munthu amene ndinkamuyesa mdani wanga. Chimene amuna anga ankaganiza akatsinzina sindinachidziwe mpaka lero, ndipo sindidzachidziwa pansi pano. Ndachisiya m'manja mwa Iye amene amaona m'mitima. Inu amene mwataya okondedwa anu ndipo mwapeza kanthu kokupwetekani m'katundu amene anasiya, musafulumire kuitana anthu. Gwadani kaye, ngakhale pemphero litakhala la mawu asanu, ndipo pirirani kufikira yankho litabwera. Mdzukulu wanga tsopano akukwawa, ndipo ndimamuitana dzina lake tsiku lonse popanda kundiwawa mtima. Ambuye alemekezeke.