Mwendo wa Bedi la Amayi

— Halo?

— Halo, achemwali a Soling? Ndine Teryo.

— Teryo wake uti? Mlongo wanga wa dzina limenelo akanakhala ali kumanda kuno ndi makandulo amene ndinamutuma.

— Mwaswera bwanji, achemwali?

— Ndaswera, kaya iwe?

— Ndaswera. Mawondo aja?

— Alipo onse awiri. Amadandaula, koma alipo. Shuga wako?

— Akupikisana ndi mtengo wa mpunga. Alamu ali bwanji?

— Ali pano, akutchova makhadi pamwamba pa manda a amalume. Akuti aka n'koyamba amalumewo kugwira ntchito yothandiza anthu.

— Nanga ana?

— Abwera onse, ndi a ku Cebu omwe. Manda tapenta, chakudya tayala, wansembe wadutsa kale ndi madzi ake. Tsiku la akufa lonseli wasowa ndi iwe wekha. Chonsecho ndimangokutama kumene kwa Amayi pamanda pawo pano.

— Kunditama ine?

— Ndimawauza kuti, Amayi, mwa ana anu onse wosunga mawu ndi Teryo. Anakulonjezani padoko tsiku lokwera sitima lija, atagwira kolona yanu, kuti sadzagwiranso mfuti moyo wake wonse. Onani lero wabwerako ndi imvi, ndi mimba, ndi zala zake zonse khumi.

— Mm.

— Mm ameneyo ndikumudziwa. Uli kuti?

— Ndili mu Danao, ngati akadali Danao. Ndadutsa pakhomo pathu paja. Mukudziwa kuti pabalaza pathu akugulitsirapo madzi a m'mabotolo? Pomwe panali mgwafa pali wokonza mafoni. Ndaima pamenepo ngati chitsiru, mtsikana wa m'shopumo n'kundifunsa kuti bwana, mukufuna botolo lalikulu kapena laling'ono.

— Unayembekeza bandi?

— Zaka zonsezi m'sitima ndawerenga buku lililonse limene munthu analiiwala pabedi, mpaka malangizo a zozimitsira moto. Anthu a m'mabuku akabwerera kwawo amapezako kanthu, kaya chitsime, kaya mtengo, kaya mdani. Ine ngakhale mdani ndilibe. Onse anamwalira kapena ali ku Dubai.

— Takhala chete.

— Bwanji?

— Ndikumva tupa likupala chitsulo. Phokoso limenelo ndinakulira nalo ine. Iwe uli kuphiri kwa osula mfuti.

— Netiweki ikuvuta, achemwali, mwati...

— Netiweki ili bwinobwino. Uli kwa ndani?

— Kwa a Kulas.

— Kulas uja ankaphunzira kusula mfuti kwa Bambo? Ali moyo?

— Mbali ina. Diso latsala limodzi, manja akunjenjemera, koma pakamwa m'pamnyamata. Akupereka moni.

— Moni wakeyo asunge. Ukutani kumeneko?

— Ndimafuna nzeru zanu basi. Pali kamfuti kam'manja kotchipa. Ndikudzifunsa ngati n'koyenera kugula.

— Kuti uzitani nako?

— Akuba, achemwali. Anthu akuberedwa atambala omenyanitsa usiku ndi usana.

— Iwe tambala uli naye mmodzi, ndipo amathawa thadzi. Wakuba atamutenga angamubweze yekha ndi chipepeso.

— Komabe tamvani. Kusitolo ya mfuti ku Cebu ndinapitako. Mtengo wake ngati ukugula njinga yamoto. Kenako layisensi, kuyeza mkodzo, kukaonana ndi dokotala wa misala...

— Basi, ndamva pamene panakuopsa.

— Pomwe ya a Kulas ndi mtengo wa kamwana ka nkhumba.

— Kankhumba ukawotcha timadya tonse. Mfuti za kuphiriko n'za chitsulo cha galimoto zakufa, Teryo. Zili ndi milomo iwiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, ndipo sizinena kuti lero ziyankhulira uti. Ukufuna ndikukumbutse?

— Ayi.

— Ndikukumbutsa. Mfuti yatsopano Bambo ankaimangirira kumtengo wa kokonati, n'kukoka ndi chingwe ali kuseri kwa mwala. Nthawi zonse. Kufikira tsiku limene wogula uja anaseka, amvekere, wosula wokhulupirira ntchito yake safuna chingwe. Mfuti itawaphulikira m'dzanja, zala zawo zija anatola ndani?

— Ine.

— Unaziika muti?

— M'chipewa changa cha kusukulu. Achemwali, mayunitsi akutha.

— Munthu wa penshoni ya madola? Akatha ndiimba ine. Kwera njinga yamoto utsike, makandulo ugule panjira.

— Ndi ya Bambo.

— Chiyani?

— Mfutiyi. Anasula ndi Bambo, asanavulale. Yazungulira, yadutsa m'manja mwa alonda ndi zidakwa, mpaka wina anabwera nayo kwa a Kulas kudzakonzetsa ndipo sanabwerenso.

— Kulas angakugulitse ndi fupa la galu, n'kunena kuti ndi la woyera mtima.

— Chogwirira chake n'chathabwa lakuda lija. Pakuonekabe theka la duwa losema. Mukulikumbuka duwalo?

— ...

— Halo? Achemwali?

— Ndilipo. Mwendo wa bedi la Amayi.

— Womwewo.

— Ambuye. Bambo anaudula Amayi ali ku Misa. Anati thabwa labwino chotere silingamathere pansi pa anthu ongogona.

— Ndipo bedi linakhalira zitini za mkaka.

— Mpaka imfa yawo. Ukatembenuka usiku nyumba yonse inkamva. Tonse tinabadwira pabedi limenelo, iwe unabwera chammbuyo, ndipo mpaka lero sunatembenuke.

— Ndiye mwaona. Matupa a Bambo, nyundo, chopanira zitsulo, Amayi anakataya zonse m'nyanja. Chithunzi chawo palibe, munthu wosula mfuti mobisa ankajambulitsa ngati? Pamanda pali dzina, ndiponso analilakwitsa. Chibwerereni ndayenda tauni yonseyi kufuna chinthu chimodzi chokha chimene dzanja lawo linakhudza. Ndachipeza chili pabenchi apa, padzuwa, chikundiyang'ana.

— Waigwira?

— Ayi. Manja ali m'thumba. N'chifukwa chake ndaimba.

— Foniyo wagwira ndi chiyani?

— Dzanja limodzi lili m'thumba.

— Chabwino, tamvera. Amayi ali pompano, ndiye ndiyankhula motsitsa. Iwe unalonjeza kuti sudzagwira. Zogula sizinatchulidwe. Kulas aikulunge m'nyuzipepala ngati nsomba youma, aiike m'jumbo, ubwere nayo. Alamu ako athira mtovu kukamwa kwake, tiitsekere m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo. Ukaifuna uzidzaiona pagalasi.

— Mukanakhala loya, achemwali.

— Ndinalera ana a mwamuna wotchova njuga, n'chimodzimodzi. Lipira uzibwera.

— Pali kavuto. Kuno mfuti sichoka pakhomo isanalire wogula akuona. Mukudziwa inunso.

— Ndiye mitengo ya kokonati yatha kuphiriko? Amange, akoke chingwe.

— Akukana. Akuti mfuti ya Inting, Bambo athu, siimangidwa ngati mbuzi.

— Awombere yekha, ali ndi zala zosungira chiyani pa msinkhu umenewo?

— Ndi manja awo onjenjemerawa angaphe ine kapena nkhuku za eni. Akuti mwana wa Inting akapempha chingwe ndiye kuti si mwana wa Inting, ndipo sagulitsa. Pali mlonda wina wa ku Mandaue akuifuna mawa.

— Teryo, ukuwamva mawu amenewo? Ndi omwe aja. Angosintha pakamwa.

— Ndikuwamva.

— Chitsulo chimenecho n'chachikulu kuposa ana anga. Chadya dzimbiri, chagona m'matumba a zidakwa. Ndipo chipolopolo chake wachitenga kuti Kulas, m'chitini cha misomali?

— M'chitini cha bisiketi.

— Usandiseketse, sindikufuna kuseka. Mabuku onse aja sanakuuze kanthu za amuna okalamba ochita manyazi pamaso pa amuna anzawo okalamba?

— Anandiuza. Theka la mabuku ndi nkhani imeneyo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamvera mchemwali wake.

— Mupatse foni Kulasyo.

— Akuti samva bwino khutu la azimayi.

— Muuze kuti ndikabwera kumeneko diso latsalalo...

— Akuseka. Akuti mwatengera Amayi. Achemwali, ndikuika foni pabenchi pang'ono.

— Usaike. Teryo. Mlonda wa ku Mandaue atenge, ali ndi bwana womulipirira chipatala. Teryo, ndikuyankhula nawe. Halo? Inu bambo a ana, tasiyani makhadiwo, mlamu wanu wapenga. Ayi, sakumwa, bola akanamwa. Halo? Kulas, ngati ukundimva, galu iwe... Yesu, Maria, yalira!

— ...

— Teryo? Teryo, tola foni. Ndikumva nkhuku zokhazokha. Teryo!

— Halo.

— Werenga zala.

— Mwati bwanji? Khutu likulira.

— Zala, chitsiru iwe. Werenga mokweza.

— Zilipo zonse. Zikununkha utsi basi. Imakankha ngati bulu, ndipo imaponyera kumanzere. Ndimaloza chitini, ndaboola ndowa ya a Kulas.

— Bambo nawonso ankayenda chopendekera kumanzere.

— Ndinakumbuka zomwezo. Chogwiriracho n'chosalala, achemwali. Chikukwana m'dzanja langa ngati anachita kundiyeza.

— Ukulira?

— Ndi utsi. A Kulas akuti ndilipirenso ndowa. Makandulo ndigule oyera kapena ofiira?

— Oyera. Ndiye ndiwauze chiyani Amayi?

— Auzeni kuti ndikubwera, ndachedwa ndi... halo? Mukumveka patali... ndikutsika tsopano, njinga ya...

— Halo? Teryo? Yaduka. Amayi, Teryo wagwira mfuti, wawombera, ndipo wagula.