Mpando Wokhota wa pa Njinga Yanga

Chaka chimene unabadwa iwe Tadala, njinga zamoto kuno kwa Wimbe zinali zowerengeka, osati ngati lero pamene mnyamata akangogulitsa fodya m'mawa mwake ali pa kabaza akuliza hutala. Masiku amenewo ukamva kulira kwa injini unkadziwa mwini wake usanamuone. Khala pa thumbapo, nawe Yamikani siya kung'amba masambawo ubwere mu mthunzi wa chigafa muno, chifukwa mawu amene wanena m'mawa uja, Tadala, andikhala pamtima tsiku lonse. Unaima pamsewu kukamwa yasa, kuyang'ana chinjinga cha alendo chija chamabokosi m'mbali chimene chimalowera ku Chisemphere, ndipo unatembenuka n'kunena kuti, "Ababa, yanu ija ndi yachabe, mpando wake ndi wokhota." Ndinaseka, koma m'kati munawawa, ndipo kuwawa kwake ndinakuzindikira, chifukwa si koyamba. Ine sindine nkhalamba, imvi ndilibe, koma kwa iwe zimene zinachitika uli kumbuyo kwa amayi ako ndi makedzana ndithu.

Kanjinga kangaka ndinagula kwa munthu, katayenda kale. Kankanyamula feteleza, nkhuni za chigafa, ndipo madzulo kankandifikitsa ku sukulu yanga ija ya akuluakulu. Mpando wake unali utaphwa, ukakhalapo unkamva chitsulo. Koma ndinkakanyadira, mpaka tsiku limene a Mwale anabwera ndi yawo.

A Mwale anali kalaliki wa pa esiteti imene agogo ako ankalima ngati matenanti asanabwerere kwawo ku Dedza. Nawonso anali a ku Dedza komweko, mbeta, malaya osita tsiku lililonse, ndipo amayi ako ankawatcha mlongo wawo. Njinga yawo anaitanitsa ku Joni. Ana inu, chinali chinjinga! Kutsogolo galasi lotchinga mphepo, m'mbali mabokosi, ndipo kumbuyo mpando wachikopa wokhala ndi chotsamira ndi mikono yake, ngati wa mu ofesi. Ikamadutsa sinkalira ngati yangayi, inkangong'ung'udza, ndipo amayi a pamjigo ankasiya kupopa. Tsiku lina amayi ako pobwera kotunga madzi anangoti, "Akuti pa mpando paja munthu amatha kugona tulo njinga ikuyenda." Iwo ankangocheza, koma ine chakudya cha tsiku limenelo sindinachimve kukoma.

Ndiye kunabwera uthenga kuti agogo ako aakazi adwala kwambiri ku Dedza, ndipo akulira kuti aone mdzukulu wawo asanatseke maso. Iwe unali utangoyamba kukhala pansi. Lero maminibasi amafika pafupi ndi mudzi uja, koma nthawi imeneyo basi inkakusiya pa tala, n'kutsala mtunda wamapiri woti mayi wa mwana sangayende, komanso fodya anali asanapite ku okushoni, m'nyumba munali mouma. Uthenga utangomveka, a Mwale anatulukira pakhomo pano.

"Achimwene, ndamva za mayi," anatero. "Ine Loweruka ndikupita kumudzi konko. Mlongo wangayu ndi mwana ndiwatenge, inu mupitirize kusankha fodya wanu."

"Zikomo akulu, tiganizapo," ndinayankha, mano ali gwa.

Mundimvetse bwino, munthuyo sananene choipa chilichonse. Koma ine ndinkaona m'maso mwanga amayi ako atatsamira pa chikopa chija, akulowa m'mudzi wa kwawo kumbuyo kwa mwamuna wina, mwana wanga woyamba akutsitsidwa ndi manja a mwamuna wina, ndipo anthu akufunsana kuti kodi mkamwini weniweni ndi uti. Atachoka ndinati, "Amake Tadala, ndikuperekezani ndine."

Amayi ako anayang'ana kanjinga kanga, kenako anayang'ana ine. "Bambo ake Tadala, pa kameneka tikamafika pa Mponela msana wanga udzakhala utathyoka. Ndikanakhala ndekha ndikanapirira, nanga mwanayu? Konzani. Mukakonza pofika Lachisanu, tipita limodzi. Mukalephera ndikwera ya a Mwale, chifukwa amayi anga sangadikire nsanje yanu."

Ukuseka, Tadala? Amayi ako salankhula mozungulira, ndipo iwe watengera iwowo.

M'mawa mwake ndinapita ku esiteti ngati ndikukapereka moni. A Mwale ali m'kati kulemba mabelo, ine ndinali panja ndi chingwe chosokera fodya, kuyeza mpando wa njinga yawo uja m'litali, m'lifupi, ndi kutalika kwa chotsamira, ndikumanga mfundo paliponse. Kenako ndinathamangira kwa a Gondwe owotcherera zitsulo pa msika. Ndinawapatsa zitsulo za bedi lakale, ndipo ndinati, "Mupange ngati wa a Mwale, koma chotsamiracho chitalike kuposa chawo ndi chikhatho chimodzi."

"Chikhatho chowonjezeracho n'chachiyani?" anafunsa a Gondwe. "Mkazi wako watalika liti?"

"Inu wotchererani basi."

"Tiwotcherera. Ukafuna tiikeponso denga ndi khomo."

Siponji ndinadula kumiyendo kwa matiresi athu, ndiye chifukwa chake mpaka lero mapazi anga amagona pa mphasa. Ndinakuta ndi chidutswa cha tenti ya lole, ndinasintha mashoko akumbuyo, ndinathira oyilo pa tcheni, ndipo kutsogolo ndinamanga galasi la pulasitiki lochokera pa zenera la galimoto yakufa. Chitsulo chonse ndinapaka penti wakuda. Nditaima patali n'kuyang'ana, ndinati, a Mwale abwere.

Anabweradi Lachisanu masana kudzamva yankho, ndipo anansi nawo anasonkhana, poti nkhani inali itamveka mudzi wonse. Amayi ako anatuluka atakubereka kumbuyo, chitenje chatsopano m'chiuno. Anafika pa njinga n'kutembenuka kuti akhale cham'mbali, miyendo yonse mbali imodzi, monga amakhalira amayi onse kuno. Mkono wa mpando unawatchinga. Anayesa uku, anayesa uko, osatheka. Amayi ena anafuula kuti, "Khalani ngati mwamuna, mwendo uku mwendo uku!" Lero atsikana amavala mathalauza n'kukhala choncho popanda wowayang'ana, koma masiku amenewo mayi wolowa m'mudzi wa kwawo atakhala motero akanakhala nyimbo ya pamtondo. Komabe amayi ako, poti ndi munthu wofuna kuona mapeto a chinthu, anakwinya chitenje n'kuyesa. Atangoti atsamire, iwe unalira kulira kumene sindinakumvepo. Chotsamira changa chija, chotalika kuposa cha a Mwale, chinakupanikiza pakati pa chitsulo ndi msana wa amayi ako.

Ndinayeza zonse ndi chingwe, koma ndinaiwala kuti kumbuyo kwa mayi kumakhala munthu.

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Amayi ako anatsika, anakutonthoza, ndipo anayang'ana njinga ya a Mwale. "Ndiye yanunso ndi chimodzimodzi, achimwene? Mipando imeneyi ndi ya atsikana opanda kanthu kumbuyo."

Mtima wanga unayamba kutsika, koma a Mwale anamwetulira n'kutulutsa sipanala m'bokosi. "Chotsamira changa ndi chomanga ndi mabawuti, mlongo. Ndichotsa pompano, mukhala mmene mukufunira." Ndipo anachotsadi ife tikuona, mpando n'kutsala wofewa, wotakasuka. Changa chinali chowotcherera. Ana inu, pa moyo wanga sindinadanepo ndi sipanala ngati tsiku limenelo.

Anthu atabalalika ndinakhala pa khonde, chingwe chija chili m'manja. Dzuwa linali lisanapendeke kwenikweni. Ndinati, "Amake Tadala, tandionetsani mmene mumafunira kukhala."

"Mwachedwa kufunsa," anatero, komabe anakoka benchi n'kukhalapo cham'mbali, iwe uli kumbuyo. "Chimene chimapweteka pa ulendo si msana wokha. Miyendo ikamalendewera imachita dzanzi, ndiye pafunika popondapo mapazi onse awiri. Dzanja ili lifuna pogwira. Ndipo mwanayu amakhala mbali ya paipi ya utsi, timiyendo take tingapse. Kuseriku muike kanthu kakafupi kondigwira m'chiuno kuti ndisatsetsereke, koma kasafike pamene pali mwana."

Ndinamasula mfundo zonse za a Mwale pa chingwe chija, ndipo ndinayeza amayi ako. Kuchokera pa bondo kufika pa chidendene, kuchokera pa benchi kufika pamene matako ako ankathera mu mbereko. Iwe unagwira chingwecho n'kuyamba kuchiluma.

A Gondwe atandiona ndikubwerera anaika manja m'chiuno. "Wabwerera denga lija?"

"Dulani zonse."

"Chikhatho chowonjezera chija nachonso?"

"Muyambire chomwecho."

Tinadula chotsamira ndi mikono yake. Kumanzere tinamanga thabwa lopondapo, kumanja kachitsulo kakafupi kokutidwa ndi siponji, pamwamba pa paipi ya utsi tinatchinga ndi chidutswa cha lata, ndipo siponji ya mpando tinaikweza mbali imodzi kuti munthu wokhala cham'mbali asapendekeke. Kukhota kumene ukukunyozako ndi kumeneko. Penti anali atatha, zipsera za moto zinkaoneka, ndipo njinga inaoneka ngati yagundidwa ndi ngolo.

Loweruka m'mawa pabwalo pano panaima njinga ziwiri. Ya a Mwale ikunyezimira, yanga ili ndi thabwa m'nthiti. Amayi ako anatuluka ndi kachikwama, ndipo anapita kaye pa ya a Mwale. Anadina mpando uja ndi chala, chala n'kulowa. Ine ndinayang'ana kumbali, ku chigafa, ngati ndikuwerenga mapaso. Kenako ndinamva njinga yanga ikutsika pang'ono kumbuyo, ndi phazi likugunda pa thabwa.

"Tsogolani achimwene," anatero amayi ako. "Mukawauze amayi kuti tikubwera ndi bambo ake mwana."

Musaganize kuti unali ulendo wokoma. Tinkaima kuti uyamwe, tinkaima kuti injini izizire, galasi langa la pulasitiki linathothoka tisanafike ku Lilongwe, ndipo fumbi la m'mapiri a Dedza linatisandutsa ofiira. Lero sindingayerekeze kunyamula khanda pa njinga ulendo wotere, ndingakweze basi, koma nthawi imeneyo njira inali yomweyo. Amayi ako sanadandaule dzanzi ngakhale kamodzi, ndipo penapake ndinamva mutu wawo utatsamira pa phewa langa. Sindikudziwa ngati anagona, sindinafunse, koma ine ndimati anagona.

Tinafika dzuwa litapendeka. A Mwale anali atafika kalekale, atasamba, ndipo ana a mudzi wonse anali atazungulira njinga yawo, kugwira magalasi, kudziyang'ana pa thanki. Yanga palibe anaicheukira. Zinandiwawa, ndisakunamizeni, ndipo ndikakumbukira zimandiwawabe. Koma agogo ako anali atawagoneka pa mphasa pakhonde, ndipo ndine ndinakumasula kumbuyo kwa amayi ako n'kukuika pa chifuwa chawo. Anakununkhiza m'mutu, anakugwira zala chimodzichimodzi. Kenako anayang'ana kanjinga kanga nthawi yaitali, poti anali mayi woti wakwerapo malole a matenanti moyo wake wonse miyendo ili lendelende.

"Thabwalo waika ndani?" anafunsa.

"Ndi bambo ake mwanayu," anayankha amayi ako.

"Mundikwezepo ndikachira."

Sanachire. Mvula yotsatira inagwa iwo kulibe. Koma anakuona, Tadala, ndipo anadziwa amene anakubweretsa.

Ndiye chinjinga chija chikamabwerera kuchokera ku Chisemphere, thamangira kumsewu ukachione ndithu, nanenso ndibwera, chifukwa maso anga pa zinthu zimenezi sanachire. Koma ukadzakula, munthu akadzati akunyamule ulendo wautali, usadzayambe wadina mpando ndi chala. Udzaone kaye ngati anakufunsa mmene umakhalira. Ine ndikadzakhoza mayeso a ku sukulu angawa n'kupeza ntchito ku boma, ndidzagula yaikulu kuposa ya a Mwale, yamabokosi ndi galasi lenileni, ndipo tsiku lomwelo ndidzapita nayo kwa a Gondwe kuti adule chotsamira, amange thabwa kumanzere. Tsopano nyamulani masamba awa, amayi anu akubwera, ndipo za mpando wokhota zija asazimve.