Kanyali ka pa Batani

Msewu wonse unkadziwa kuti mkamwini wa pa nyumba yapakona amakonza makompyuta, ndipo mwini wake sankalola kuti anthu aiwale. Apongozi ake aakazi atamuitana kuti kanyali ka pa batani loyatsira laputopu kazima, anafika ndi chikwama cha zida, nkhope ili ndwii ngati dokotala. Nthawi inali itapitirira fili koloko, ndipo folo ikakwana mwana wina wa amayiwo wokhala kutali ankayembekezeka kuimba pa kanema kuti awaonetse khanda lobadwa dzulo lake.

"Kazima liti, amayi?" anafunsa, akukhala pa tebulo lodyera.

"Sindinakaone kakuzima, bambo. Ndinangokapeza katazima."

"Ndikutanthauza tsiku."

"Tsiku lomwe ndinakapeza katazimalo."

Mkamwini anakokera laputopu pafupi. "Munaigwetsapo?"

"Ine ayi. Inagwa yokha."

"Madzi analowamo?"

"Madzi ayi."

Anaitembenuza, nainunkhiza pansi. "Nanga kumataku?"

"Ameneyo ndi tiyi. Paja munafunsa za madzi."

"Basi, yapsa m'kati," anatero, akutulutsa sikuludiraiva.

"Koma sindinamve fungo. Bwanji muyambe mwadina batanilo, chifukwa…"

"Amayi, ntchito iyi ndaigwira zaka khumi ndi ziwiri. Kanyali kakazima, kudina n'kudzivuta chabe. Inu muzingoyankha zimene ndakufunsani."

"Zokhazo?"

"Zokhazo."

Apongozi anapinda manja pachifuwa, natseka pakamwa mwaulemu.

Tizomangira tinayamba kugwera m'sosala, kamodzikamodzi. Chivundikiro chapansi chinachoka, batire linatuluka, kenako tizingwe topyapyala ngati masamba a anyezi. Mumtima mkamwini ankasekerera. Chikwatirireni mwana wawo, amayiwa ankangomuona ngati munthu woseweretsa mawaya. Lero aona okha.

"Mundipatseko kakang'onoko."

"Tonse n'tating'ono, bambo."

"Kali kumanjako."

"Kumanja kwanga kapena kwanu?"

"Kulikonse."

Anam'patsa supuni ya shuga, poti ndiyo inali kumanja kwawo.

Mkamwini anapukuta thukuta ndi mkono, nayang'ana wotchi ya pakhoma. Kunatsala mphindi khumi ndi zisanu, ndipo m'katimo munalibe chopsa ngakhale chimodzi. Pofuna kuphimba manyazi, anayamba kucheza.

"Ndiye masiku onsewa mwavutikatu, popanda laputopu."

"Limenelo ndi funso?"

"Ee, amayi, ndi funso."

"Sindinavutike. M'mawa uno ndimaonerapo kalukidwe ka zipewa za makanda."

Sikuludiraiva inaima m'malere.

"Pa laputopu iti?"

"Yomwe mwaisendayi."

"Imayaka?"

"Bwinobwino. Ndikadina, imayaka. Kanyali kokha ndiko kanasiya."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinanena pa foni kuti kanyali kazima. Sindinati laputopu. Nditafuna kuwonjezera, munati ndiziyankha zofunsidwa zokha." Anakonza duku lawo modekha. "Ine ndinaleredwa kuti mkamwini sam'tsutsa."

Manja a mkamwini anayamba kuthamanga okha. Kachingwe apa, batire apo, chivundikiro khaa. Atamaliza, m'sosala munatsala tizomangira titatu.

"Nanga iti?" anafunsa apongozi.

"N'tapadera."

"Poyamba tinali m'katimo mwapadera?"

Mkamwini anakankhira sosala pambali. Anatsegula laputopu, napuma kwambiri, n'kudina batani. Kanyali kanayaka, koyera mbee, kowala kuposa tsiku limene laputopu inagulidwa.

"Mwaona?" anatero, chifuwa chikubwerera m'malo mwake. "Zaka khumi ndi ziwiri si masewera."

Onse awiri anayang'ana sikirini. Inali bii. Anadikira pang'ono, koma inakhalabe bii. Mkamwini anadinanso, naigwedeza, naiuzira mpweya m'mbali, mpaka kuinong'oneza mawu amene sanenedwa pamaso pa apongozi.

Wotchi inagunda folo.

Apongozi anakokera mpando pafupi, navala magalasi awo, n'kuwerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza batani.

"Mwagwira ntchito, bambo, kayakadi," anatero. "Tsopano mundiuze, mdzukulu wangayo atulukira pakanyalipa, kapena ndisendere chakuno?"