Bala la mayi wa ku Mlare

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Yesu.

Ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale mtima sunaphwe bwinobwino.

Ambiri mumandidziwa, ndine namwino uja wa ku Ntcheu. Boma litanditumiza kuno, anandiika koonera odwala oyendera, ndipo onse a khansa amathera pabenchi yanga. Abale, ntchito imeneyi inanditopetsa. Inanditopetsa! Munthu wayenda kuchokera ku Mwenilondo, mwendo uli chotupa, ine n'kumupatsa asipirini. Asipirini, pa khansa! Mankhwala enieni ali ku Blantyre, ndipo galimoto ikapezeka, wodwalayo tamukwirira kale. Ukafunsa akuti dikirani. Kufunsitsa, mukudziwa nokha masiku ano. Sindikunena munthu, abale, ndikunena za mtima wanga.

Ndinapempha kuti andisamutse, anakana. Kwaya ndinasiya. Ndinkati, Ambuye, munandiphunzitsa kuchiza kapena kuperekeza maliro?

Ndiye kunkabwera mayi wina wa ku Mlare, Nyagondwe. Khansa ya bere, bala lotseguka, fungo loti anzake pabenchi ankasendera kutali. Tsiku lina ndikumutsuka, misozi inangotsika yokha. Ndinati, “Amama, ndisakunamizeni. Mankhwala okuchizani ndilibe. Mukuvutika ndi ulendo.”

Anandiyang'ana, n'kuseka. “Mwana wane, nkhumanya,” anatero m'chilankhulo chakwawo, kutanthauza kuti akudziwa. Kenaka m'Chichewa chake chothyokathyoka: “Ndani wakuuza kuti ndabwerera kuchira? Mwana wanga akwatiwa mwezi wa mawa. Ndifuna ndikhale pakati pa anthu, asandithawe. Chimenecho ungathe?”

Abale, chimenecho ndikanatha! Ndinamutsuka ndi madzi a mchere, ndinapera makala n'kukulunga m'bandeji kuti amwe fungo. Mabandeji atatha, amayi a mvano, ndinu munang'amba nsalu zanu, ine n'kumawiritsa. Mwaiwala? Ine sindinaiwale.

Paukwatipo ndinapita. Nyagondwe anakhala kutsogolo, pakati pa azimayi anzake, mapewa kugundana. Mkwatibwi akulowa, mayi uja anaimirira yekha n'kuimba nthungululu mpingo wonse kutembenuka. Palibe anasendera kutali. Palibe!

Anamwalira mpunga utangokololedwa.

Sindikunamizani kuti zinthu zasintha. Lachisanu lomweli ndabweza bambo wina ndi timapiritsi tomweto, ndipo ndinapsa mtima mpaka chakudya chinandikanika. Zikundipwetekabe. Koma kale ndinkangoona chimene ndilibe. Tsopano ndimafunsa wodwala, “Mukufuna ndikuchitireni chiyani?” Wina akufuna tulo. Wina akufuna ndiwauze ana ake zoona, poti iye pakamwa pakulemera. Ndikatero ndimaweruka ndikudziwa kuti ndagwira ntchito.

Zikomo Yesu pondigwira dzanja ndisanathawe. Zikomo abusa, zikomo amayi. Mundipempherere, poti mawa m'mawa benchi ija idzaza. Koma lero imirirani, mukondwere nane. Amayi, nthungululu zili kuti?